Ña Eulogia ndi chikho chimene anakana

Mwezi uno parishi yathu ikukumbukira mayi athu Ña Eulogia Cañete a ku tchalitchi cha Roque Woyera ku Potrero Guazú, amene anatsogolera mapemphero a maliro m'dera lino kwa zaka zambirimbiri. Ambiri timawakumbukira atanyamula zinthu ziwiri: kolona kudzanja lamanja, chikho cha nyanga ya ng'ombe kumanzere. Kolonayo sinawavutitsepo. Chikhocho ndiye chinawasautsa pa ukalamba wawo, ndipo ndi bwino timve nkhani yake tisanathamangire kuwatcha woyera ngati kuti zinali zophweka.

Anabadwira konkuno m'banja lolima thonje. Bambo awo anapita kukafuna ntchito ku Argentina osabweranso, ndipo mayi awo, ataona kuti ana achuluka koma chinangwa chachepa, anapereka mwanayo ku banja lina lopeza bwino m'tauni ya Villarrica kuti azikathandiza ntchito, ati akaphunziranso sukulu. Sukuluyo inathera pakamwa. Mwana uja ankasesa, kuchapa ndi kutunga madzi, ndipo dzuwa likaswa mtengo ankasinja masamba ndi mizu ya tereré, chakumwa chozizira cha kwathu kuno, n'kumathirira eni nyumba atakhala mumthunzi. Chikho chinkazungulira, aliyense akuyamwa ndi kapaipi kachitsulo komweko, n'kubwerera kwa iye kuti athirenso madzi ozizira. Koma pakamwa pake sichinkafika. Iye anali ndi kachitini kake kuseri kwa khitchini. Tsiku lina ludzu litamukulira anayamwako pang'ono. Dona wa m'nyumbamo sanamumenye. Anangotenga kapaipi kaja n'kukawiritsa mwanayo akuona. Ña Eulogia ankanena mpaka ukalamba wawo kuti bola akanamenyedwa.

Atabwerera kumudzi ali mtsikana, anagwada pamaso pa Roque Woyera n'kulonjeza kuti chikho chawo sichidzadumpha munthu. Lonjezolo analisunga mwamakani. Chidakwa chimene ena ankachithawa fungo chinkamwa pa Ña Eulogia. Bambo wina atatuluka kundende, anthu akumuyang'ana cham'mbali, woyamba kumupatsa chikho anali iwo. Wina akadandaula, yankho linali limodzi: "Chikho chikadumpha munthu, chadumpha Ambuye."

Anakwatiwa ndi Karai Atanasio, mmisiri wa matabwa wopanga ngolo, munthu wofatsa amene mawu ake a sabata yonse ankakwana m'dzanja limodzi. Mulungu sanawapatse mwana. Anthu analankhula, monga amalankhulira anthu. Ña Eulogia anangoyamba kupita kulikonse kumene kwagwa zovuta. Ankasambitsa malemu, ankatsogolera kolona, ndipo masiku onse asanu ndi anayi a novena yopempherera malemu ankakhala ndi anamfedwa, akuzungulitsa chikho mpaka wolira atayamba kulankhula za mvula ndi nkhuku. Ankati munthu akayamba kudandaula za nkhuku ndiye kuti wabwerera pakati pa amoyo.

Mnzawo wa ponda apa nane mpondepo anali Ña Sinforosa Duarte, amene anakulira nawo limodzi, mayi wa pakamwa posatseka. Mwana wa Ña Sinforosa, Zunilda, atabadwa, Ña Eulogia ndiwo anakhala mayi wake wa ubatizo, ndipo kuyambira pamenepo awiriwo ankaitanana kuti "mayi mnzanga". Zunilda sankadutsa pageti osaphatikiza manja n'kunena kuti, "Madalitso, amayi," ndipo Ña Eulogia ankamulemba mtanda pamphumi. Amayi awiriwo tsiku silinkatha osamwa tereré limodzi pansi pa mtengo wa mango, ndiponso silinkatha osatolana.

"Iwe, kolona yako ija ikutalika chaka ndi chaka," ankatero Ña Sinforosa. "Malemu anafika kale kumwamba, anapatsidwa ndi mpando womwe, iwe ukadali pa Tikuoneni Maria."

"Ndimachedwetsa dala," ankayankha Ña Eulogia, "kuti anthu apumeko pakamwa pakopo."

Kenaka kunabwera mliri wa kovidi. Matchalitchi anatsekedwa, maliro a chigulu analetsedwa, ndipo wailesi inkabwereza uthenga umene ambiri kuno anauseka: aliyense azimwa tereré ndi chikho chake. Anthu ankati tereré wa munthu mmodzi ndi madzi chabe. Ña Eulogia sanaseke, anapsa mtima. Bambo Mfumu atabwera kudzaima kunja kwa mpanda wawo atatseka pakamwa ndi mphuno, iwo anawalandira ndi mawu.

"Bambo, ine ndinalonjeza kwa Roque Woyera, osati kwa wailesi."

"Ña Eulogia, mudzi uno umayang'ana inu. Mukapitiriza, onse apitiriza. Komanso chifuwa cha Karai Atanasio mukuchidziwa. Matendawa akalowa m'nyumba muno, munthu uyu sadzuka."

Zinali zoona. Utuchi wa zaka zonse zija unali utawononga mapapo a amuna awo, moti ngakhale kuyenda kupita kukhola ankaima panjira kuti apume. Ña Eulogia anapita kutchalitchi, anagwada pakhomo lotsekalo n'kupempha woyera uja kuti awamasule ku lonjezo lawo kwa kanthawi. Pobwera anali munthu wina. Makani amene ankazungulitsira chikho aja anawatembenuzira ku kuteteza anthu. Anasoka masiki ndi nsalu zakale za pathebulo. Anapachika kagaloni ka madzi ndi sopo pageti. Okalamba okhala okha ankawasiyira chakudya pakhomo n'kubwerera m'mbuyo kukacheza nawo ali patali. Novena ankaitsogolera ataima mumsewu, akukweza mawu kuti a m'nyumba aziyankha. Ankachita zonsezi mtima ukuwawa, chifukwa nthawi iliyonse imene wina watambasula chikho iwo n'kupukusa mutu, ankadziona ngati dona uja wa ku Villarrica.

Chaka choyamba mliri unalambalala mudzi wathu, ndipo anthu anatayirira. Chaka chachiwiri, Sabata Loyera litayandikira, ana a m'tauni anabwera kwawo monga mwa nthawi zonse kudzaphika chipa, timikate ta ufa wa chinangwa, ndi makolo awo. Zunilda naye anabwera kuchokera ku mzinda waukulu wa Asunción kumene ankagwira ntchito ya m'nyumba. Lachitatu masana, utsi wa mauvuni utadzaza mudzi, Ña Sinforosa anafika pageti ndi dengu la chipa, jagi ya madzi ndi chikho chawo.

"Tsegula, mayi mnzanga, ndakubweretsera wotentha."

"Pachika dengulo panthambipo. Mpando ndi uwo, ndauika dala kunjako."

Ña Sinforosa anakhala akung'ung'udza. Anathira madzi oyamba n'kudikira kuti masamba awamwe, poti mwa mwambo wa kuno oyambawo ndi a Tomasi Woyera. Achiwiri anamwa okha. Achitatu anadzaza n'kutambasula dzanja kudutsa waya wa mpanda.

"Landira."

"Ndili ndi changa, ichi."

"Chakocho ndachiona. Ndati landira ichi. Chaka chonse ndakupirira ndi timasiki takoto. Lino ndi Sabata Loyera. Ngakhale Yudasi anadya mbale imodzi ndi Ambuye. Ine ndaposa Yudasi?"

Dzanja la Ña Eulogia linanyamuka lokha, linafika pakati. Kukhonde Karai Atanasio anatsokomola. Dzanja lija linabwerera pachifuwa.

"Sinforosa, mwana wabwera kuchokera m'tauni. Atanasio chifuwa chake ukuchidziwa. Undimvetse."

"Ndiye mwana wako yemweyo wasanduka matenda? Ine ndasanduka matenda?" Ña Sinforosa anaimirira, anakhuthulira madzi aja pansi. "Chabwino, dona wa ku Villarrica. Ndikachoka uwiritse ndi mpando womwe."

Anapita osacheuka. Palibe munthu wina padziko amene akanadziwa pobaya ngati pamenepo, ndipo Ña Eulogia anaima pageti nthawi yaitali akuyang'ana ponyowa paja mpaka panauma. Anadziuza kuti Pasaka ikadutsa mtima ukhala pansi, akambirana. Anali atakanganapo kambirimbiri.

Pasaka itangodutsa Ña Sinforosa anagwidwa ndi malungo, kenaka mpweya unayamba kuwathawa. Anawanyamula pa galimoto ya mnansi kupita nawo kuchipatala cha m'tauni, ndipo anabwerako m'bokosi lokhomedwa. Panalibe kusambitsa, panalibe kugona pamaliro. Mayi amene anasambitsa akufa a mudzi wonse anaonerera maliro a mnzawo ali kutali, pansi pa mtengo, ngati mlendo wodutsa. Anthu ena amene anamwa ndi Ña Sinforosa sabata imeneyo anadwalanso, ndipo awiri anatisiya. M'nyumba ya Ña Eulogia simunalowe ngakhale chimfine.

Tsiku loyamba la novena anakaima mumsewu kutsogolo kwa nyumba ya malemu n'kuyamba kolona. Zunilda anatuluka. Manja sanaphatikize.

"Mukupempherera ndani? Amayi anapita ndi mtima wosweka chifukwa cha inu. Madzi okha, madzi, munawakanira. Pitani mukapemphere kwanu."

Anatseka zenera. Ña Eulogia anamaliza novena yonse mumsewumo popanda woyankha, ndipo itatha Zunilda anabwerera ku Asunción osatsazika.

Apa ndiye panayambira mtanda wawo weniweni. Anthu ankawayamikira: munachita bwino, mukanalandira bwenzi tikunena zina. Mawu amenewo ankawalasa kuposa a Zunilda. Ankati, "Ndiye kuti ndili moyo chifukwa ndinakana mnzanga." Anapita kukalapa, ndipo Bambo Mfumu anawauza kuti panalibe tchimo.

"Bambo, ngati si tchimo, nanga likulemera chonchi bwanji?"

Sankadandaula kuti anateteza amuna awo. Akanati abwerere tsiku lija, ankadziwa kuti akanakananso, ndipo chimenecho ndicho chinkawadya kwambiri. Chimene ankafuna chinali chimodzi: kudziwa ngati Sinforosa anafa akuwaona ngati dona wa ku Villarrica. Woti awayankhe anali m'manda, ndipo yekhayo amene anali naye pomaliza sankawalankhula.

Ntchito sanasiye. Katemera atafika, anali woyamba pamzere, ndipo okalamba amantha anachita kuwakoka dzanja. "Roque Woyera atadwala, anabweretseredwa mkate ndi galu osafunsa kuti mkatewo wachokera kuti," ankatero. "Inu mukufunsa chiyani? Pindani malayawo." Mliri unatha, tchalitchi chinatsegulidwa, mabwalo a tereré anabwerera pansi pa mitengo. Ña Eulogia anayambanso kuthirira anthu, chikho chikuzungulira osadumpha aliyense, kupatula mmodzi. Chikafika pa iwo ankangodzaza n'kupatsira wotsatira. Ludzu likawagwira ankazungulira kuseri kwa khitchini, kumene anali atapachika kachitini. Anadziweruza okha kuti pakamwa pamene panakana Sinforosa sipadzalandiranso kwa wina. Anthu ankamwa kuchokera m'manja mwawo tsiku ndi tsiku, ena n'kumati agogowa mantha a mliri sanawathere, ndipo palibe anafunsa.

Karai Atanasio yekha ndiye ankaona. Anakhala ndi moyo zaka zina zingapo, n'kumwalira pabedi pawo atadzozedwa mafuta, dzanja lawo lili m'dzanja la akazi awo. Chakumapeto anasonkhanitsa mawu awo ochepa aja. "Eulogia, zaka izi wandipatsa ndiwe. Siya kachitini kaja." Iwo anagwedeza mutu, koma kachitiniko sanasiye. Chaka chilichonse pa tsiku lobadwa la Zunilda ankapereka dzina lake pa Misa, ndipo akamva kuti wabwera kumudzi ankakhala pageti tsiku lonse, koma iye ankadzera njira ya kumunda.

Chaka chatha mtima wawo unayamba kufooka, miyendo inatupa, ndipo mpando wawo unasamukira pakhonde. Bambo Mfumu atawadzoza mafuta a odwala anawafunsa ngati pali china chimene akufuna. Anati, "Mumuuze mwana uja kuti sindikumuitanira mlandu. Ndikungofuna kumuona pamphumi."

Zunilda anafika Loweruka masana, dzuwa likutentha, atanyamula kanthu kokulunga m'nsalu. Anaima pamasitepe a khonde nthawi yaitali. Kenaka anayika kanthuko pansi, anaphatikiza manja.

"Madalitso, amayi."

"Mulungu akudalitse, mwana wanga. Sendera kuno, dzanja langa silifika."

Atamulemba mtanda, Zunilda anagwada pomwepo n'kumasula nsalu ija. Munali chikho cha Ña Sinforosa ndi kapaipi kake.

"Amayi, ndinakunamizani. Pamene ankawakweza m'galimoto anandigwira dzanja, akupuma movutika, anandipatsa mawu oti ndikuuzeni. Ine sindinakuuzeni."

"Anati chiyani?"

"Anati, ukamuuze bulu uja kuti akanalandira ndikanamupha pamodzi ndi mwamuna wake. Anati kamodzi kokha m'moyo wake makani ake agwira ntchito. Anati ukampatse chikhochi." Zunilda anayang'ana chikhocho. "Anatinso, koma achiwiritse kaye."

Ña Eulogia anaseka. Anaseka mpaka mpweya unawathera, misozi ili chuchuchu, akubwereza kuti bulu, wandinena bulu. Zaka zonse zija ankaopa kuti mnzawo anafa atawada, pamene iye anapita akuwatola monga mwa masiku onse.

Zunilda sanaseke nawo. "Sindinamalize, amayi. Matenda aja ndinabwera nawo ndine. Pochoka ku Asunción kukhosi kunkandikanda, thupi likutentha. Ndinamwa mapiritsi n'kukwera basi, chifukwa ndinkafuna kudzaphika chipa ndi amayi. Ndinamwa nawo chikho chimenechi. Atamwalira sindinathe kusenza ndekha, ndiye ndinakusenzetsani inu. Ndinkadziwa kuti mulandira."

Ña Eulogia anayang'ana mwana uja, tsitsi lake litayamba kale imvi, ndipo anazindikira nkhope yodziimba mlandu imene iwo eni ankaiona m'madzi a m'kachitini.

"Unachiwiritsa?"

"Kambirimbiri."

"Ndiye ukudikira chiyani? Masamba ali m'khitchini, timbewu tili kuseri. Sinja."

Zunilda anasinja, anadzaza jagi, anathira madzi oyamba a Tomasi Woyera. Achiwiri anapereka ndi manja awiri. Ña Eulogia analandira, anayamwa mpaka kapaipi kanalira. Kenaka anakana kubweza chikho. Anatenga jagi, madzi ena akutayikira pamiyendo, anadzaza n'kutambasula.

"Landira."

"Amayi, ine sindiyenera."

"Kubisa malungo unalakwa, ndipo kundibisira mawu unalakwa. Zimenezo ukaulule kwa Bambo Mfumu, ali ndi makutu aakulu. Koma katundu ameneyu ndamusenza ine, ndikudziwa kulemera kwake, ndipo sindikusiyira. Amayi ako ndinawakanira kamodzi. Iwe usandikanire."

Zunilda analandira.

Sanabwererenso ku Asunción sabata imeneyo. Ankawasambitsa, kuwaphikira msuzi, ndipo masana aliwonse awiriwo ankamwa tereré pakhonde, akukumbutsana zonena za Ña Sinforosa, zina zosayenera kulembedwa m'nyuzi ya parishi. M'mawa wina atalandira Ukaristia, Ña Eulogia anapempha kuti awatulutse panja. Anayamba kolona pang'onopang'ono monga mwa chizolowezi chawo, Zunilda akuyankha. Pakati pa Tikuoneni Maria wina mawu awo anangoleka, ndipo Zunilda anamaliza yekha.

Sanasiye munda waukulu kapena mwana wobereka okha. Anasiya chitsanzo chimene n'chovuta kuchitsatira: anakonda anthu powapatsa chikho, ndipo itafika nthawi yoopsa anawakondanso powakaniza, ngakhale kuti kukanako kunawawawa mpaka kumapeto. Pa novena yawo anthu anadzaza pabwalo. Mayi wina wa chimfine anabwera ndi chikho chake, anakhala chapatali pang'ono koma m'bwalo lomwelo, ndipo palibe anamunena kanthu. Wothira madzi anali Zunilda, ndi chikho cha amayi ake.

Ambuye awalandire mtumiki wawoyu mu mpumulo wosatha, iye pamodzi ndi mayi mnzake. Kachitini kaja kakadali kuseri kwa khitchini, pamsomali pomwe paja. Zunilda wakana kuti tikachotse. Akuti kakhale pomwepo, kuti aliyense woona munthu akuthirira anzake koma iye osamwa, azikumbuka kumufunsa.